Mutu 6: Kadontho Kamene Nafisa Adasiya

1. Buku lobwereka

Kwathu ku Damasiko, mumsewu wa alembi kuseri kwa mzikiti waukulu, munthu sitimutama chifukwa cha nkhope kapena nduwira. Timamutama chifukwa cha dzanja. M'chaka chimene ndikunenachi, dzanja limene lidali pakamwa pa aliyense lidali la Nafisa, mwana wa a Mukhlis, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

A Mukhlis ntchito yawo idali yokopera mabuku. Zala zitayamba kunjenjemera ndi ukalamba, ntchitoyo adasiyira ana awo awiri. Rafi, wamkulu, ankalemba mothamanga ngati wina akumudikira pakhomo. Nafisa ankalemba modekha, ndipo pojambula mikombero ndi kampasi padalibe womuposa mumsewu monse. Tsoka lake, iye mwini ankazidziwa zimenezi.

Ana awiriwa ankaphunzira za kuthambo kwa Shehe Burhan. Iwowa adatha zaka makumi anayi akuyeza dzuwa ndi nyenyezi, n'kumauza a kumzikiti nthawi za swala, mapemphero a tsiku ndi tsiku. Tsopano maso awo adali atachita khungu, ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima basi. Koma makutu ndi nsonga za zala zidali zakuthwa kuposa kale.

Tsiku lina woweruza milandu wa ku Mosul, amene adali pa ulendo wa ku Iguputo, adabwereketsa Shehe buku laling'ono lakalekale. Lidali lofotokoza mmene thambo lidasanjikidwira ndi mmene dzuwa limayendera, ndipo nzeru zake zidachokera kwa Agiriki akale. Shehe adalimvapo likuwerengedwa kamodzi kokha ali mnyamata, ndipo chiyambire ankalifunafuna. Mlendoyo adati alisiya masiku makumi atatu okha.

Shehe adasankha Nafisa kuti alikopere. Adalonjezanso kuti akamaliza adzaliwerenga pamaso pa mboni, kenaka adzalandira ijaza. Ijaza ndi mawu amene mphunzitsi amaika kumapeto kwa buku pamodzi ndi chidindo chake, onena kuti uyu wawerenga ine ndikumva, zolembazi ndi zoona, ndipo akhoza kuphunzitsa ena. Pa nkhani za kuthambo, Shehe adali asadaperekepo ijaza kwa mtsikana.

Nkhaniyo idawanda msewu wonse.

"A Mukhlis," adatero a Zuhair, omata zikuto za mabuku pakhomo loyandikana, "mwana wamkazi ndi nyenyezi? Mukadzadya mphodza zopserera musadzatidandaulire ife."

"Zopsererazo ndidzadya ndekha," adayankha a Mukhlis. "Inu mudzangobwera kudzaona chidindo."

Popereka bukulo, Shehe sadalitaye msanga m'manja. Adaligwira mbali imodzi, Nafisa mbali inayo.

"Mwanangu, tchera khutu. Buku lakale lili ngati nkhalamba yotha mano, mawu ena amatuluka osamveka. Ukapeza pamene njenjete yadya, usiye poyera, usadzazepo kanthu. Ulembe m'mphepete kuti pano padadyeka. Ukapeza chimene ukuchiona ngati cholakwika, uchikopere momwemo. Kukayika kwako ulembe m'mphepete, dzina lako pansi pake, kuti wodzakutsutsa adzadziwe amene akumutsutsa. Pakati pa tsamba ndi pa mwini buku, ngakhale mafupa ake adasanduka dothi kalekale. Pako ndi m'mphepete. Ndipo mpeni wopalira inki usayandikire ntchito yanga. Wamva?"

"Ndamva, Shehe."

Adamvadi. Koma adamva monga amamvera mwana wodziwa ntchito, mutu ukugwedera, maso ali kale pa pepala.

2. Timadontho tiwiri

Kwa masabata atatu ntchito idayenda bwino. Gawo loyamba lidati dziko ndi lobulungira. Gawo lachiwiri lidasanja thambo: mwezi pafupi, kenaka nyenyezi ziwiri zosatalikirana ndi dzuwa, kenaka dzuwa lenilenilo, kenaka nyenyezi yofiira ndi zinzake ziwiri zoyenda mochedwa, ndipo pamwamba penipeni nyenyezi zonse zosasintha malo. Chojambula chilichonse chidali mikombero yokutana ngati makoko a anyezi, kadontho kamodzi pakati. Kadonthoko ndiye dziko lathuli.

Pa gawo lachitatu, la kayendedwe ka dzuwa, Nafisa adapeza tsamba lodyedwa ndi njenjete. Chojambula chidatsala bwinobwino: mkombero umodzi waukulu, njira ya dzuwa. Koma mizere itatu yofotokoza chojambulacho idali zibowo zokhazokha. Atayang'anitsitsa pakati pa mkomberowo, adaona timadontho tiwiri m'malo mwa kamodzi. Mpata wake udali wongokwana kanjere ka mphodza.

Adaseka.

"Achimwene, tabwerani mudzaone. Mlembi uyu kampasi idamuterereka. Adabaya apa, kenaka n'kubayanso apa. Mwina ankajambula akusinza."

Rafi sadadzutse n'komwe mutu. "Ndiye kafunse kwa Shehe."

"Ndikakwere makwerero onse aja chifukwa cha kadontho? Ndi mwana yemwe amadziwa kuti dziko lili pakati. Masamba onse apitawa akunena zomwezo."

"Chita zimene ukufuna, koma inkiyo usamalize."

Nafisa adatenga kampasi, najambula mkombero wosalala, naika kadontho kamodzi pakati penipeni. Pamalo pa mizere yodyeka sadasiye poyera. Poyera pakadaipitsa tsamba, ndipo iye masamba oipa sankawafuna. Adalembapo mawu akeake: "Ndipo dziko lakhala pakati penipeni pa njira ya dzuwa, monga lakhalira pakati pa thambo lonse."

Ndinene zoona, tsambalo lidakongola. A Mukhlis adalitenga n'kuyenda nalo khomo ndi khomo kuonetsa anzawo, ndipo inenso ndidaligwira m'manja mwangamu. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma tsiku limenelo palibe adakumbuka mwambiwo. Tonse tidayamikira dzanja. Palibe ndi mmodzi yemwe adafunsa za dzuwa, pakuti ife alembi a mumsewu uno timadziwa inki kuposa thambo.

Masiku atakwana, woweruza uja adatenga buku lake napitiriza ulendo wa ku Iguputo.

3. Miphika iwiri padenga

Kuwerenga kudagawidwa masiku atatu, gawo limodzi pa tsiku, dzuwa litapendeka. Magawo awiri oyamba Nafisa adawerenga osaphonya. Gawo lachitatu Shehe adalisungira dala tsiku limene usana ndi usiku zimalingana, m'nyengo yokolola mphesa. Udali mwambo wawo. Za kayendedwe ka dzuwa sankaphunzitsa tsiku lina lililonse, ndipo ankafuna kuti ana ayambe aona ndi maso asadamve za m'buku.

M'mawa wa tsikulo ophunzira asanu ndi mmodzi adakwera padenga pa nyumba ya Shehe. Pamenepo padali mwala wosalala wokhala ndi ndodo yachitsulo pakati, ndipo pakona padali miphika iwiri yadothi. Masana alionse, chaka chonse, wophunzira mmodzi ankaponya kamwala kamodzi mumphika. Mphika woyamba udali wa theka lozizira la chaka, kuyambira tsiku lolingana la nyengo ya mphesa kufikira tsiku lolingana la nyengo ya maluwa. Wachiwiri udali wa theka lotentha. Ana ankangoponya osadziwa chifukwa chake, ndipo akafunsa Shehe ankati adikire.

"Tamim," Shehe adaitana mnyamata wamng'ono pa onse, "nsonga ya mthunzi ikuyenda bwanji?"

"Ikutsata mzere woongoka, Shehe. Chiyambire m'mawa sinapatuke."

"Ndiye tsiku lija ndi lero. Khuthulani miphika, muwerenge."

Adawerenga timiyala tija, nabwerezanso. Mumphika wa theka lozizira mudali 179. Mumphika wa theka lotentha mudali 186.

"Wina ankajomba kuponya nthawi ya chisanu, Shehe," adatero Tamim. "Ndikuganiza a Rafi. Amenewa mphepo ikangoomba sakwera kuno."

Ana adaseka, ndipo Shehe adamwetulira pang'ono.

"Chaka chilichonse pamakhala wonamiziridwa. Ndawerengetsa miphika imeneyi zaka makumi anayi, ndipo nthawi zonse wotentha umapambana ndi masiku asanu ndi awiri, kapena kuposerapo pang'ono. Tsono ganizani. Dzuwa likadamayenda liwiro limodzi pa mkombero, ife titakhala pakati penipeni, matheka awiriwa akadalingana. Masiku asanu ndi awiriwa akuchokera kuti?"

Shehe adadziyankha okha.

"Akale adali ndi njira ziwiri. Akadatha kunena kuti dzuwa lili ngati bulu, pena kuthamanga pena kuzengereza. Adakana zimenezo. Adasankha kunena kuti ife sitidakhale pakati penipeni pa njira yake. Jambulani mkombero, muike chala pambali pang'ono pa pakati, mudule mzere wodutsa pachalapo. Mbali imodzi ikhala yaikulu, ina yaing'ono. Dzuwa liyenda liwiro lomwelo, koma mbali yaikulu imalitengera masiku ambiri. N'chifukwa chake pa chojambula cha dzuwa pamakhala timadontho tiwiri. Kamodzi ndi pakati pa njira ya dzuwa. Kachiwiri ndi dziko, pambali pang'ono."

Timiyala timene Nafisa adagwira tidapulumuka m'manja mwake n'kugwera pansi. Palibe adalabadira.

"Koma sizikukongola, Shehe," adatero Tamim. "Dziko kukhala pambali ngati mlendo?"

"Inenso kadonthoko sindikakonda," adayankha Shehe. "Koma khalani pansi mumve. Akale sadayambire pamene tili ife. Ena ankati dziko ndi mbale yoyandama pamadzi. Adabwera ena, naona mthunzi wa dziko pa mwezi nthawi ya kadamsana kuti ndi wozungulira, nati ayi, dziko ndi lobulungira. Ena adati pakati pa zonse pali moto umene sitiuona. Ena adakangana mibadwo ingapo ngati nthanda ili kuno kwa dzuwa kapena kuseri kwake. Padalinso wina amene adati dzuwa ndiye lakhala pakati, dziko n'kumalizungulira likutembenuka. Anthu adamuseka. Ankati, nanga bwanji mwala ukauponya m'mwamba umagwera pomwepo? Bwanji mbalame sizitsalira m'mbuyo? Inenso sindimukhulupirira munthu ameneyo. Koma mawu ake ndidawakopera osachotsa ndi chilembo chimodzi chomwe, chifukwa sindidziwa mdzukulu amene adzawafune.

"Anzathu a ku Iguputo ndi a ku Perisiya adalemba mabuku athunthu okayika zina mwa zimene Agiriki adanena, ndipo mpaka lero akuyesa mikombero yatsopano. Kukayika sikulakwa. Mwina mmodzi wa inu adzapeza njira yoposa iyi. Koma adzayambe wafotokoza masiku asanu ndi awiriwa, pakuti miphika sinama. Munthu wochotsa kadontho chifukwa sikamusangalatsa m'maso wataya zaka za mnzake amene adapsa ndi dzuwa akuwerenga masiku. Ndipo wobwera pambuyo sadziwa n'komwe kuti padali funso."

Nafisa adagwidwa ndi mantha, manyazi pamwamba. Buku lakale lidali litapita. Lotsala lidali lakelo, ndipo madzulo omwewo ankayenera kuliwerenga pamaso pa anthu.

4. Pamakwerero

Potsika, Rafi adamugwira mkono n'kudikira anzawo adutse.

"Iwe, nkhope imeneyo ikonze. Ukuoneka ngati wameza kamwala."

"Achimwene, kadontho kaja..."

"Ndamva, makutu ndili nawo. Tsitsa mawu."

"Ndikapala ndi mpeni, ndilembenso."

"Upale? Shehe amasisita tsamba lililonse asanadinde. Zala zija zimamva ngakhale pamene ntchentche idatera. Tamvera ine. Zoona zake wazimva padengapa. Ukafika pa mzere umenewo, ungonena zimene Shehe anenazi, kuti dziko lili pambali pang'ono. Maso pa tsamba, lilime linene zina. Akuona ndani? Shehe saona. Mboni zimakhala uko, theka la izo limasinza."

"Koma m'bukumo mukhalabe bodza. Ndipo chidindo chawo chikhala pansi pake."

"Kadontho, Nafisa! Kanthu kochepa ngati nsabwe. Wafapo ndani ndi kadontho?"

"Si mwamva zimene anena?"

"Ndamva, ndipo mawa adzanenanso zina. Nkhalamba ntchito yake n'kunena. Iwe ganiza za Bambo. Agula haluwa wotsekemera uja mbale yathunthu, aitana msewu wonse. A Zuhair akhala kutsogolo kwenikweni, khosi tasa, kudikira kuti upunthwe. Ndipo usaganize kuti ukaulula udzichititsa manyazi wekha. Mtsikana aliyense wodzagogoda pakhomo pa Shehe adzauzidwa kuti tinayesapo kale, zinakanika."

Mawu omalizawa adamulasa Nafisa. Adamasula mkono wake, natsika makwerero.

Kunyumba adapeza bambo ake atavala kale mkanjo woyera umene ankasungira Lachisanu. Adali osangalala ngati mwana. Adamuikira buledi, azitona ndi phava la mphesa, n'kumukakamiza adye.

"Powerenga usathamange, mwanangu. Uzitchula liwu ndi liwu, a Zuhair amve bwinobwino. Makutu awo aja amangomva zoipa zokha."

"Bambo..."

Rafi adamuponda phazi pansi pa thebulo lalifupi lija.

"Ndati bwanji, mwanangu?"

"Palibe, Bambo. Njala ndilibe."

"Ndi mantha amenewo. Inenso tsiku langa sindinadye." Ndipo adamusisita pamutu ndi dzanja lawo lonjenjemera lija.

5. Dzuwa litapendeka

Itatha swala, tidasonkhana m'bwalo la m'kati mwa nyumba ya Shehe, pansi pa mtengo wa ndimu. Amuna tidalipo khumi ndi asanu, amayi angapo atakhala chakukhomo. Tamim adalemba maina athu tonse monga mwa mwambo, kuti adzaikidwe pansi pa ijaza. Shehe adakhala pamkeka atatsamira khoma. Nafisa adagwada patsogolo pawo, buku pa kamtengo koikapo.

Adayamba bwino. Mawu ake adali omveka, osathamanga. A Mukhlis ankagwedeza mutu pa mzere uliwonse, n'kumaba kuyang'ana a Zuhair.

Adatembenuza tsamba, nafika pa chojambula chija. Adakhala chete.

"Pitiriza, mwanangu," adatero Shehe.

Rafi adatsokomola.

Nafisa adaika chala pa mzere, nawerenga zimene zidalembedwa: "Ndipo dziko lakhala pakati penipeni pa njira ya dzuwa, monga lakhalira pakati pa thambo lonse."

Shehe adadzutsa mutu. "Tabwereza."

Adabwereza.

"Mawu amenewo ndi a mwini buku?"

"Ayi, Shehe. Ndi anga." Chala chikadali pa mzerewo, adapitiriza. "Pamenepa njenjete inadya mizere itatu. Sindinasiye poyera monga munandiuzira, ndinadzazapo zanga. Pa chojambula panali timadontho tiwiri. Ndinayesa kuti mlembi wakale kampasi inamuterereka, ndiye ndinajambula kamodzi kokha. Sindinabwere kudzafunsa. Ndadziwira lero padenga kuti ndinalakwitsa."



"Ine ndinanena kale kuti..." adayamba a Zuhair.

"A Zuhair, simunafunsidwe," adatero Shehe osatembenuka n'komwe.

A Mukhlis adazolika. Ndidali pafupi nawo, ndipo ndidaona misozi ikudonthera pa mkanjo woyera uja. Ndidawamvera chisoni, ndipo ndidadzimvera manyazi ndekha, pakuti inenso tsamba limenelo ndidalitama.

"Nafisa," adatero Shehe, "ukadatha kundiwerengera zimene ndinanena padenga. Ine sindikadadziwa."

"Inde, Shehe."

"Unaziganizira?"

"Kuchokera pamakwerero mpaka pa mzere umenewu."

Shehe adatembenukira kwa ife tonse.

"Mverani nonse, makamaka inu ana. Mwana uyu walakwa, ndipo sindichepetsa kulakwa kwake. Sadalakwe chifukwa cha ulesi, adalakwa chifukwa cha luso. Waulesi akalakwitsa, tsamba lake limaoneka loipa, ndipo wowerenga amachenjera. Waluso akalakwitsa, aliyense amakhulupirira. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Iwe udaona chinthu chosakongola, n'kuganiza kuti wolakwa ndi mnzako wakufayo, poti sangakuyankhe. Udamulanda mawu pakamwa, n'kumuika ako. Tsiku lina nawenso udzafa, mabuku ako adzagwera m'manja mwa mwana wodzidalira ngati iwe. Udzafuna akuchitire chiyani?

"Koma mverani ichinso. Ine ndine wakhungu. Chidindo changa chimadalira lilime la wondiwerengera. Lero likadandinamiza, ndikadadinda bodza ndi dzanja langa, n'kupita nalo kumanda osadziwa. Mwana uyu sadandichite zimenezo, ngakhale bambo ake ali pomwepa ndi msewu wonse ukuonerera. Tamim, m'patse cholembera ndi inki yofiira."

Nafisa adalandira.

"Mawu ako aja usawapale. Udule kamzere pamwamba pake kuti awerengekebe. Uike kadontho kachiwiri pamalo pake. Kenaka ulembe m'mphepete zimene ndikuuze."

Ndipo adalemba, tonse tikumva: "Pano padadyeka mizere itatu. Ine Nafisa mwana wa Mukhlis ndidadzazapo mawu anga, ndipo ndidasiya kadontho kachiwiri chifukwa cha kusadziwa ndi kudzidalira. Dziko lili pambali pang'ono, monga aliphunzitsira Shehe Burhan."

Tsamba lokongola lija lidaipa. Mawu ofiirawo adzakhalapo masiku onse amene bukulo lidzakhalepo, ndipo aliyense wolitsegula adzawerenga dzina lake. Nafisa ankadziwa zimenezi, ndipo adalira polemba.

"Maliza kuwerenga," adatero Shehe.

Adapukuta maso namaliza gawo lonse.

6. Funso la mwambo

Shehe adasisita masamba limodzilimodzi, kenaka adapisa dzanja m'thumba natulutsa chidindo. A Mukhlis adadzutsa mutu. Anthu adayamba kunong'onezana, ena kumwetulira. Ngakhale a Zuhair adasendera kutsogolo kuti aone.

Padatsala funso limodzi lokha, limene mphunzitsi amafunsa asadadinde. Ambiri timaliyankha osaganiza n'komwe.

"Kodi alipo amene wakopera kuchokera m'buku ili lisanadindidwe?"

"Palibe, Shehe," adayankha Nafisa.

"Alipo."

Tonse tidacheuka. Adali Rafi, ataimirira, nkhope itagwa.

"Ndine, Shehe. Kunabwera mthenga wa mphunzitsi wina wa ku Halabu, kumpoto uko. Anamva kuti bukuli lili kwathu, napempha gawo la dzuwa lokha. Ndinkakopera m'mawa Nafisa akapita kotunga madzi. Ndinkati dzanja la Nafisa silingalakwe."

"Ndiye n'chifukwa chake munkandiletsa kuulula, achimwene?"

Rafi sadamuyang'ane.

"Masambawo ali kuti?" adafunsa Shehe.

"Anapita ndi ngamila, Shehe. Lero ndi tsiku lachinayi."

"Unamuuza kuti achokera kwa yani?"

"Ndinati achokera m'nyumba ya Shehe Burhan."

Shehe adabwezera chidindo m'thumba, pang'onopang'ono, ndipo mtima wa aliyense udagwa nacho.

"Ijaza imanena kuti zolembazi ndi zoona. Sindinganene zimenezo pamene tsamba lomweli lili pamsana pa ngamila likunena zina, dzina langa lili pamwamba. Kalata sikwanira. Mphunzitsi uja adzakhala ndi mapepala awiri otsutsana, onse ochokera ku Damasiko, ndipo adzasankha lokongola. Dzanja limene lidalakwitsa ndi limene liyenera kukakonza, mwini masamba akuona, kuti akafunsa ayankhidwe. Likadzachitika zimenezo, chidindo chidzatulukanso. Rafi, mphunzitsiyo ali ndi ophunzira angati?"

"Mthenga uja anati makumi atatu, Shehe."

"Ndipo aliyense ali ndi cholembera chake chokoperera," adatero Shehe.

Tonse tinkadziwa kuti ngamila zimatenga masiku khumi ndi awiri kukafika ku Halabu, ndipo anayi adali atapita kale. Tinkadziwanso kuti njira yakumpotoyo si ya masewera, ndi kuti Nafisa chibadwire adali asadatulukepo pa chipata cha mzinda.

Adatseka buku, naimirira, napita kukagwada patsogolo pa bambo ake.

"Bambo," adatero, "ngamila zina zinyamuka liti?"